Mphindi Zimene Fyuzi Anadula

Tsiku limene achibale anagawana zida za bambo ake, Fyuzi anatsala ndi katoni imodzi imene aliyense anaikana. Wina anatenga mita yoyezera magetsi, wina chowotcherera mawaya, wina ananyamula benchi yonse. M'katonimo munali makaseti makumi anayi ndi awiri ndi wailesi yakale ya makaseti yosazungulira, ndipo masiku ano ndani amafuna kaseti? Sabata isanathe, kachipinda kamene bambo ake ankakonzeramo mawailesi kanasanduka malo ometera tsitsi.

Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, mayeso omaliza a sekondale anali atamugwetsa kawiri, ndipo tsopano bambo ake nawo anali atatsikira kuli chete. Inu amene mukuwerenga nkhaniyi zinthu zitakuthinani, khalani pansi kaye. Mtsikana ameneyu ndinamuona ndi maso angawa, ndipo sindikuwonjezera mchere.

Dzina lakuti Fyuzi anamupatsa ndi bambo akewo, chifukwa ankapsa msanga. Kumuuza kanthu kakang'ono, basi wazima, watuluka, chitseko wachimenyetsa. Bambowo nawo sanali munthu wodziwa kunyengerera mwana. Ankayankhula bwino ndi mawailesi kuposa ndi anthu, ndipo awiriwa ankakondana ngati anthu okhala m'nyumba imodzi koma aliyense ali ndi chilankhulo chake.

Maso atayamba kuchita khungu, bambowo anagula makaseti opanda kanthu n'kumajambula zonse zimene ankadziwa. Ankafotokoza mmene ungamvere vuto la wailesi ndi khutu, mmene fungo la kachitsulo kopsa limasiyanirana ndi fungo la fumbi, ndi chifukwa chake mmisiri wabwino sayamba ndi kumasula. Pa kaseti iliyonse ankalembapo nambala ndi zilembo zikuluzikulu. Ankati maso akutha koma pakamwa padakalipo, wina adzamva ndithu.

Wina adzamva. Mawu awiri amenewa ndiwo anali chuma chonse chimene Fyuzi anasiyiridwa.

Anapeza ntchito pa shopu yotayipa ndi kupanga fotokope. Ankasesa, kupukuta magalasi a makina, ndi kumanga mapepala a makasitomala. Mwini shopuyo, amene aliyense ankamutcha Madamu, anali mayi wa pakamwa pakuthwa koma mtima wofewa. Kuseri kwa shopu, pakati pa makatoni a mapepala, kunali kompyuta yakale imene makasitomala ankaikana. Ankati ukaiyatsa upite kaye ukasambe, ukabwera uipeza ikuganizabe. Madamu anamulola Fyuzi kuti aziigwiritsa ntchito nthawi yopuma masana.

Anayamba ndi kukonza wailesi yosazungulira ija. Lamba wake anali atafumbwa, ndipo anaikapo kamphira kamene anadula pa chubu chakale. Kenako anailumikiza ndi foni yake, n'kumajambula kaseti imodzi imodzi m'memore khadi, pambuyo pake n'kukoperanso m'kompyuta. Anzake akamapita kukadya, iye ankakhala pa katoni, mahedifoni m'makutu, akumva bambo ake akutsokomola ndi kugogoda tebulo ndi sikuludiraiva. Ankawasowa kwambiri. Masiku ena ankabweza kaseti kuti angomvanso kutsokomolako.

Ntchitoyi inatenga miyezi isanu ndi itatu. Makaseti anali atakalamba, ndipo ena ankangolira komaliza n'kuduka. Ya nambala 31 wailesi inaitafuna itangomaliza kuijambula, moti inatuluka ngati ulusi wosokonekera.

Kaseti imeneyo Fyuzi sanaimvetsere yonse. Pakati pa phunziro la transifoma anamva chitseko chikutseguka, anamva mapazi ake omwe, kenako mawu a bambo ake akufunsa kuti, "Walepheranso?" Linali tsiku limene anabwera ndi zotsatira za mayeso achiwiri, ndipo bambowo anaiwala kuzimitsa chojambulira. Fyuzi anavula mahedifoni, anatuluka panja, ndipo anabwerera kaseti itazima yokha.

Tsiku lina kunabwera mmisiri wa mafiriji kudzapanga fotokope ya chithunzi cha mawaya. Atamva za makasetiwo, anamuuza za tsamba lina la pa intaneti limene amisiri amagawirana maphunziro awo. Ankalitcha thiraka. Anati tsambalo silisunga mafayilo a munthu, limangolozera anthu kwa amene ali nawo. Iwe umapanga kafayilo kakang'ono kotchedwa torenti, kamene kali ngati mndandanda wa katundu wako yense, kachidutswa kalikonse ndi chidindo chake. Ukakaika pa thiraka, ofuna katunduyo amadzatenga kuchokera m'kompyuta yako mwachindunji, pang'onopang'ono, ndipo amene wamaliza kutenga amasanduka wogawa nayenso.

Mmisiriyo anamuyitanira pa tsambalo. Panali lamulo limodzi lolembedwa mofiira: katundu amene wakhala masiku khumi ndi anayi popanda munthu wina womutenga yense amachotsedwa.

Fyuzi anapanga torenti, anaiika, n'kulemba pansi pake kuti awa ndi maphunziro a bambo ake okonza mawailesi, makaseti makumi anayi ndi awiri. Mawa lake masana anathamangira kuseri kukaona. Otenga analipo asanu ndi mmodzi, koma ogawa panalembedwa ziro. Anthu anali atafola pakhomo, ndipo tsambalo linkati mwini nyumba kulibe, chonsecho iye ali pomwepo, wakhala pa katoni.

Anazimitsa n'kuyatsanso. Anaimenya kompyuta pambali monga timachitira tonsefe. Masiku awiri anatha choncho, chifukwa Fyuzi sanali munthu wokonda kufunsa. Munthu amene mayeso amugwetsa kawiri amaona ngati funso lililonse ndi mayeso ena. Koma safunsa anadya phula, ndipo tsiku lachitatu analemba uthenga kwa woyang'anira tsambalo, bambo wachikulire amene onse ankamutcha Amalume.

Amalume anayankha pasanathe ola. Anamufunsa ngati, atatha kuika torenti ija, anaitenganso kuchokera pa tsambalo. Fyuzi anadabwa kuti atengerenji chinthu chimene anapanga yekha. Amalume anafotokoza kuti tsambalo limadindapo kiyi ya munthu aliyense, ndipo popanda kiyiyo silikudziwa, ngakhale katundu akhale wako. Anamuuza kuti atenge ya kiyiyo, aitsegule, n'kuilozera pa foda yomweyo pamene pali mafayilo.

"Osachita manyazi, mphwanga," analemba motero. "Aliyense pano anagwapo pa mwala umenewu. Ine ndinagwapo kawiri, ndili ndi imvi kale."

Anachita zimenezo, ndipo pa ogawa panalembedwa 1. Fyuzi anaomba m'manja yekhayekha pakati pa makatoni. Linali tsiku limenelo, ataona kuti anthu achilendo amvadi makasetiwo, pamene anakumbukira nambala 31. Anatsegula fayiloyo m'kompyuta, anapeza pamene chitseko chinatseguka, n'kudula kuyambira pamenepo mpaka kumapeto. Zinali mphindi zisanu ndi ziwiri. Anasunga fayiloyo ndi dzina lomwelo, n'kudziuza kuti wangosesa m'nyumba alendo asanalowe.

Mawa lake m'mawa ogawa anali atabwerera pa ziro. Vuto linali Madamu, amene poweruka ankazimitsa magetsi onse pa swichi yaikulu, ndipo Lamlungu shopu sinkatsegulidwa n'komwe. Amalume anati wogawa ali ngati mpope wa madzi: ukautseka, anthu amabwerera ndi zidebe zopanda kanthu. Fyuzi anazengereza tsiku lonse, kenako anapita kwa Madamu atapinda manja.

Madamu anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Anati iwo sanatsegule shopu kuti kompyuta izigona itayaka ngati mwana woopa mdima. Anayankhula zambiri za mawaya opsa ndi za ana a masiku ano. Atatopa, anafunsa kuti makasetiwo ndi a ndani, ndipo atamva, anafewa mtima.

"Soketi imodzi yokha," anatero. "Ikapsa shopu, upse nayo."

Fyuzi anakonza soketiyo yekha kuti ikhale payokha, anathimitsanso zoti kompyuta izigona ikakhala osagwiridwa. Koma katundu ankayenda ngati nkhono. Tsiku lonse anthu ankatenga kachidutswa kamodzi kapena tiwiri, ndipo pakona ya pulogalamu panali kachizindikiro kachikasu. Amalume anati khomo lolowera pa rauta, kabokosi ka intaneti ya shopu, ndi lotseka, moti anthu ambiri akugogoda osamveka. Anamutumizira malangizo a mizere khumi ndi iwiri.

Analakwitsa kanayi. Ulendo wina anazimitsa intaneti ya shopu yonse kasitomala ali pakati potumiza kalata yofunsira ntchito, ndipo zimene ananena Madamu sindingazilembe pano. Ulendo wachisanu kachizindikiro kanasanduka kobiriwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Fyuzi, amene kale akanamenyetsa chitseko pa ulendo woyamba, anali akuphunzira kukhala pansi.

Manambala anayamba kukwera. Otenga anafika khumi ndi anayi, ndipo anali pa 20 peresenti, kenako 55, kenako 80. Pakati pawo panali mayi wina wokonza mafoni, wa kutali, amene ankalemba uthenga tsiku lililonse. Anati wamvetsera kale makaseti amene afika, ndipo bambowa amaphunzitsa ngati munthu wakhala nawe pa benchi limodzi. Fyuzi anawerenga uthengawo katatu, n'kulakalaka bambo ake akanakhalapo kuti awawerengere.

Tsiku lachisanu ndi chinayi onse anafika pa 99, n'kuima pomwepo.

Tsiku lakhumi anali pa 99. Lakhumi ndi chimodzi, 99. Mayi wa mafoni uja ankangolemba kuti, "Ndikudikirabe, achemwali." Ena anayamba kudandaula kuti katunduyu ndi wobooka, ndipo awiri anatopa n'kuchoka. Fyuzi anaunikanso kiyi, soketi, rauta, zonse zinali bwino. Masiku otsala anali atatu, ndipo akatha, tsambalo likanachotsa zonse, mawu a bambo ake n'kubwerera kuseri kwa shopu, m'kompyuta imene tsiku lililonse inkatha kufa.

Amalume anamuuza kuti alamule pulogalamu iwerengenso katundu wake yense. Inawerenga kwa ola lathunthu, ndipo itamaliza inaonetsa kuti Fyuzi mwini wake ali ndi 99. Wogawa analibe zonse zimene analonjeza.

Amalume anafunsa ngati anasinthapo kanthu atapanga kale torenti. Fyuzi anayankha kuti ayi. Anafunsanso ngati anasuntha foda, kapena kusintha dzina la fayilo, ndipo iye anati ayi, zimene zinali zoona. Kenako Amalume analemba kuti pulogalamu ikuloza fayilo ya nambala 31, kuti ndi yaifupi kusiyana ndi mmene inalili pa mndandanda.

Fyuzi anazimitsa sikirini n'kupita kukasesa pamalo pamene anali atasesa kale. Anapsa mtima ndi Amalume, ndi kompyuta, ndi bambo ake amene anaiwala kuzimitsa chojambulira. Koma tsache silinamuthandize, ndipo mawa lake anaulula zonse: kuti anadula mphindi zisanu ndi ziwiri, ndi chifukwa chake.

Amalume sanamudzudzule. Anati njira zilipo ziwiri. Akhoza kupanga torenti yatsopano ya fayilo yodulayo, palibe angamuimbe mlandu, koma anthu ayambanso kufola mwatsopano ndipo ena sadzabweranso. Kapena akhoza kubwezera fayilo yoyamba ija, ndendende mmene inalili, ngati adakali nayo.

"Makinawa sadziwa manyazi, mphwanga. Amangodziwa kuti unalonjeza zonse. Koma kasetiyo ndi yako, sankha wekha."

Fayilo yoyamba inalipo, m'memore khadi ya foni yake. Tsiku lakhumi ndi chitatu, nthawi yopuma masana, Fyuzi anakhala pa katoni yake ija atagwira foni. Anaganiza kuti ngati anthu achilendo amve manyazi ake, ndi bwino ayambe kuwamva ndi iye mwini. Anavala mahedifoni n'kupita pamene chitseko chinatseguka.

Anamva mapazi. Anamva funso lija, ndipo linamupweteka chimodzimodzi ngati tsiku loyamba. Anamva chitseko chikumenyetsedwa. Kenako panali chete wautali, moti anaganiza kuti mphindi zotsalazo ndi zopanda kanthu. Ali pafupi kuzimitsa, bambo ake anatsokomola.

"Amene mukumvetsera, pepani. Ameneyo ndi mwana wanga. Ndafunsa molakwika, pakamwa pangapa ndi povuta. Wailesi imene ndikujambulira mawuyi inandikanika masiku atatu. Anaikonza ndi iyeyo, ine nditachokapo, ndipo akuganiza kuti sindinadziwe. Ndinaona mmene anawotcherera waya, mwaukhondo kuposa ine. Mapepala amugwetsa, koma manja ali nawo. Ndimuuza mawa."

Panamveka kugogoda kwa sikuludiraiva pa tebulo, kenako anati, "Tsopano tibwerere ku transifoma yathu."

Mawa limenelo silinafike. Bambowo anakhala zaka zina ziwiri, akudya naye mbale imodzi, osanena. Fyuzi analira pakati pa makatoni a mapepala, kulira kwa munthu amene walandira kalata yake mochedwa, wolembayo atapita kale. Ankafuna kuwayankha, kuwauza kuti nayenso anali ndi zake zimene ankati adzanena mawa. Madamu anasuzumira, anamuona, ndipo tsiku limenelo anamanga okha mapepala a makasitomala.

Mawu a akulu amakoma akagonera. Awa anagonera pafupifupi zaka zitatu, ndipo anatsala pang'ono kutayidwa ndi munthu yemwe ankawafuna kuposa wina aliyense.

Anakopera fayilo yoyamba ija pamalo pake, n'kulamula pulogalamu iwerengenso. Ola lija linali lalitali kuposa miyezi isanu ndi itatu ija. Itamaliza inalemba 100. Pasanathe mphindi makumi awiri, pa ogawa panalembedwa 2, ndipo pofika nthawi yoweruka panali 9. Mawu a bambo ake anali tsopano m'nyumba zisanu ndi zinayi, ndipo ngakhale kompyuta ya Madamu ikanafa tsiku lomwelo, sakanafa nayo.

Mawa lake mayi wa mafoni uja analemba kuti, "Zakwana. Ndamvetsera 31. Mwana wa manja uja ndinu?"

Fyuzi anayankha kuti, "Ndine."

Mayiyo anamutumizira maphunziro ake okonza mafoni. Mmisiri wa mafiriji uja anamubweretsera chowotcherera mawaya chimene sankachigwiritsanso ntchito. Madamu, atadandaula kaye kuti khonde lawo si msika, anamupatsa pakona pa khondelo kuti aikepo tebulo. Anayamba ndi mawailesi a oyandikana nawo, kenako mafoni, kenako makina a fotokope a Madamu omwe, amene kale ankadikira mmisiri sabata yonse.

Lero Fyuzi ali ndi kachipinda kake, benchi yake, ndi atsikana awiri amene akuwaphunzitsa. Kupsa mtima sikunatheretu, musanamizidwe, koma chitseko chake chidakali ndi mahinjesi onse. Pa thiraka paja, munthu watsopano akalemba kuti katundu wake sakuyenda, amene amayamba kuyankha ndi iye. Amafunsa za kiyi, za magetsi, za khomo la pa rauta, ndipo pomaliza amafunsa modekha ngati munthuyo anadulapo kanthu.

Pashelefu pamwamba pa benchi pali wailesi yakale ija. Masana ena, ntchito ikachepa, amatsegula nambala 31 m'foni yake n'kumvetsera mpaka kumapeto. Amawasowabe bambo ake, ndipo sabisa.

Mwina nanunso mwaima pa 99. Mwayesa zonse zimene mukudziwa, masiku akutha, ndipo mwayamba kuganiza kuti mwina ndinu munthu wolephera basi. Funsani amene anadutsapo, musadye phula. Konzani chimodzi, mawa china. Ndipo mbali ya moyo wanu imene mumaidumpha chifukwa cha manyazi, musaitaye musanaimve yonse, chifukwa Fyuzi anamenyetsa chitseko mphindi imodzi mawu a bambo ake asananenedwe. Ngati muli ndi mawu abwino a mwana wanu, anenereni lero. Ngati ndinu amene mukudikira, musazimitse pakati, ndipo mtima wanuwo musautaye.